Mamotoka akale a dizilo akutithera: maspeya ali kutali, makina opimira ndi osowa

Aliyense amene anapitako ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa mwezi wa August amadziwa mmene mseu umadzalira. Mumaona ma Canter onyamula anthu ndi ng'oma, ma Hiace ocokera ku Sinda ndi ku Vubwi, ma Hilux a maparishi, ndi ma Land Cruiser operekeza mafumu amene abwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi kucokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Koma mwambo ukatha, yendani pang'onopang'ono pobwerera ndipo muwerenge mamotoka amene aima m'mbali mwa mseu, boneti yotsegula, dalaivala ali pansi pa mtengo kudikira makanika. Mudzapeza kuti ambiri ndi a dizilo, ndipo ambiri anapitirira zaka makumi awiri.

Ena anganene kuti nkhaniyi ndi ya eni mamotoka okha. Si tero ai. Kuno kwathu motoka imodzi imagwirira nchito midzi yambiri. Canter yomweyo imene imatenga masaka a cimanga kupita nawo ku depoti ya FRA ndiyo imabweretsa feteleza, ndiyo imanyamula maliro, ndipo usiku ndiyo imathamangitsa mai wapakati kupita ku cipatala ca St Francis. Hilux ya parishi ikafa, akhristu a kumachalichi a kumidzi amatha miyezi osaona wansembe. Mu 2025, pambuyo pa cilala coopsa ca 2024, dziko lino linakolola cimanga coposa matani 3.6 miliyoni, ndipo FRA inaika mtengo wa K340 pa saka ya makilogalamu 50. Koma mlimi amene analibe comunyamulira mbeu anagulitsa pakhomo kwa ogula oyendayenda, pa mtengo umene iwo anafuna. Conco kufa kwa mamotokawa kumafika mpaka m'thumba la munthu amene alibe ngakhale njinga.

MAMOTOKAWA ANABWERA BWANJI

Boma litamasula malonda pambuyo pa 1991, mamotoka ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan anayamba kulowa ambiri, ena kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ena kudzera ku Durban ndi Chirundu. Ku Japan motoka yatsopano ya banja imapimidwa ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimako n'kodula, motero anthu amasankha kugulitsa msanga. Kuonjezera apo, mu 2001 dzikolo linakhwimitsa lamulo la utsi wa dizilo m'mizinda yake ikuluikulu, ndipo mu October 2003 mzinda wa Tokyo unaletsa malole ndi mabasi akale a dizilo amene sanaikidwe cosefera utsi. Zimene anakana kumeneko ndizo zinadzatipeza kuno, ndipo zatithandiza kwambiri.

Koma tiyenera kuzindikira kuti mamotoka amene timawachula kuti akale ali m'magulu awiri, ndipo bvuto la gulu lililonse ndi losiyana.

Gulu loyamba ndi la mainjini a pampu ya citsulo cokhacokha, opanda kompyuta. Awa ndi monga Toyota 2L, 3L ndi 5L, 1HZ ya mu Land Cruiser, 4D32 ndi 4D33 za mu Canter, 4JB1 ya Isuzu, ndi TD27 ya Nissan. Mainjini awa amakanika athu amawadziwa monga mmene mlimi amadziwira ng'ombe zake. Amamvetsera kulira kwake, amayang'ana mtundu wa utsi, amamasula paipi ya nozo imodzi-imodzi, ndipo amadziwa pamene pabvuta. Safuna makina opimira. Bvuto lao ndi ukalamba: maspeya abwino akusowa, ndipo acinyengo acuruka.

Gulu laciwiri ndi la mainjini oyendetsedwa ndi kompyuta. Ena, monga 1KZ-TE imene inayamba mu 1993 ndi 5L-E, ali ndi pampu yooneka ngati yakale koma yolamulidwa ndi magetsi. Ena ndi a mtundu wa common rail, umene unayamba pa malole a Hino ku Japan mu 1995 ndi pa mamotoka ang'ono ku Ulaya mu 1997. Toyota inaturutsa 1KD mu 2000 ndi 2KD mu 2001, ndipo awa ndiwo mainjini a D-4D amene ali mu Hilux imene ambiri amaichula kuti Vigo. M'mainjini awa dizilo imapanikizidwa ndi mphamvu yoposa mabaa 1,300, ndipo kompyuta ndiyo imauza nozo iliyonse nthawi yotsegula ndi kuculuka kwa mafuta oturutsa.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Hilux ya 2006, imene dzana tinali kuiona ngati yatsopano, lero ndi nkhalamba. Mamotoka amene mlimi, kopaletivu kapena parishi angakwanitse kugula tsopano ndi a gulu laciwirili, pamene luso ndi zipangizo za m'magalaji athu zikali za gulu loyamba. Walira mvula walira matope. Tinafuna mamotoka amphamvu, osadya mafuta ambiri, ndipo abwera ndi matenda amene khutu la makanika silingawamve.

MAKINA OPIMIRA SI ONSE AMAGWIRIZANA

Makina amene amakanika amawachula kuti scanner amalumikizidwa pa soketi imene imakhala pansi pa ciongolero, ndipo amawerenga zimene kompyuta ya motoka yasunga. Anthu ambiri amaganiza kuti soketi ikakhala ya mano 16, scanner iliyonse igwira. Coonadi ndi cina.

Ku America lamulo lakuti mamotoka onse ang'ono azilankhula cilankhulo cimodzi, cochedwa OBD-II, linayamba mu 1996. Ku Ulaya linafika pa mamotoka a petulo mu 2001 ndi a dizilo mu 2004. Koma mamotoka opangidwira msika wa ku Japan, ku South Africa kapena ku Thailand sanali pansi pa malamulo amenewo. Ambiri a zaka zimenezo ali ndi soketi yofanana, koma amalankhula cilankhulo ca kampani yao. Ndiye cifukwa cake Toyota ili ndi Techstream, Nissan ili ndi Consult, Mitsubishi ili ndi MUT, ndipo Isuzu inali ndi Tech 2. Kacipangizo kochipa ka mtundu wa ELM327, kamene acinyamata amagula n'kulumikiza ku foni, kamawerenga bwino mamotoka otsata OBD-II, koma pa Hiace kapena Prado yakale ya ku Japan kawirikawiri kamangokhala duu. Makina a makampani monga Launch ndi Autel amamva zilankhulo zambiri, koma ndi odula, ndipo pakapita nthawi amafuna kulipiridwa kuti alandire zatsopano kudzera pa intaneti.

Pali msampha wina umene eni malole ayenera kuudziwa. Ma Canter, ma Dyna ndi ma Elf ambiri ocokera ku Japan ali ndi mabatire awiri opereka mavolti 24, pamene tizipangizo tochipa tambiri tinapangidwira mavolti 12. Mukalumikiza osafunsa, kamapsa pomwepo, ndipo nthawi zina kamaononga ndi zina.

Komanso si kuti popanda scanner palibe cocita. Ma Toyota ambiri a m'ma 1990 ali ndi kabokosi pafupi ndi injini kolembedwa kuti Diagnosis. Makanika wodziwa akalumikiza mano awiri ochedwa TE1 ndi E1, nyali ya cenjezo pa dashibodi imayamba kuphethira, ndipo powerenga kuphethirako amapeza nambala ya bvuto. Nchito iyi imafuna munthu amene ali ndi buku la injiniyo, cifukwa kulumikiza mano olakwika kungaoche kompyuta. Koma ikutionetsa kuti cosowa cacikulu ndi cidziwitso, osati makina okha.

Tiyeneranso kukumbukira kuti scanner si sing'anga. Ili ngati kupima magazi ku cipatala: imaloza kumene kuli bvuto, koma sicinena zonse. Nambala P0087 imatanthauza kuti mphamvu ya mafuta yatsika. Comwe cacititsa cingakhale sefa yotsekeka, mpweya wolowa m'paipi, kavavu ka pa pampu kamene amakachula kuti SCV, nozo yobweza mafuta ambiri, kapena pampu yeniyeniyo. Cimodzi mwa izi ndi cochipa kwambiri, cina cingadye ndalama za munda wonse. Makanika wosaphunzira amayambira pa codula. Wina amangofufuta nambalayo, nyali n'kuzima, mwini n'kulipira mokondwa, koma asanafike kunyumba nyali yayakanso. Kufufuta si kukonza.

Ine ndinaonapo ndi maso anga Hilux ya kopaletivu ina imene inali kuzima yokha ikatentha. Anasintha sefa, anasintha manozo awiri, ndipo anali pafupi kugulitsa ng'ombe kuti agule pampu. Ataikokera ku Chipata, mnyamata wina anaipima, n'kutsata waya wocokera pa kacipangizo kowerenga kuzungulira kwa injini. Anapeza kuti makoswe anautafuna pamene motokayo inali kugona pafupi ndi nkhokwe. Nchito ya ola limodzi inadya miyezi iwiri ndi ndalama za mamembala, ndipo nyengo yonyamula mbeu inawapitirira.

MASPEYA: MTUNDA, DOLA NDI CINYENGO

Kucokera ku Katete kupita ku Chipata ndi makilomita oposa 80, ndipo kupita ku Lusaka ndi pafupifupi 500. Wa ku Vubwi ali ndi ulendo wina woonjezera, makamaka m'dzinja. Zinthu zing'onozing'ono monga masefa, malamba ndi mabuleki zimapezeka m'mashopu a pa boma. Koma nozo ya common rail, kompyuta ya injini kapena tabo zimacokera ku Lusaka, ndipo a ku Lusaka nawo amaitanitsa ku Dar es Salaam, ku Johannesburg, ku Sharjah kapena ku Japan komweko.

Masiku ano anthu amatumiza cithunzi pa WhatsApp, n'kulipira pa foni, speya n'kubwera pa basi. Njira iyi yathandiza, koma yagwetsanso ambiri. Bvuto loyamba ndi kuitanitsa ndi dzina lokha. Kunena kuti “ndifuna pampu ya madzi ya Hilux” kuli ngati kuuza wogulitsa mbeu kuti “ndipatseni cimanga” osachula mtundu. Hilux ya LN106 ili ndi injini ya 3L, ya KUN25 ili ndi 2KD, ya KUN26 ili ndi 1KD. Mamotoka opangidwira msika wa ku Japan alibe nambala ya zilembo 17 imene mamotoka a maiko ena ali nayo. Ali ndi nambala ya chasisi yaifupi, yolembedwa pa kapuleti ka citsulo pamodzi ndi nambala ya mtundu ndi ya injini. Kapuleti kameneko ndiko ciphaso ca motoka yanu. Kajambuleni, ndipo speya yakaleyo muijambulenso pamene pali nambala yake. Kumbukiraninso kuti mamotoka ambiri kuno anasinthidwapo injini, motero za pa buku la motoka sizingafanane ndi zimene zili pansi pa boneti.

Bvuto laciwiri ndi mtengo. Pafupifupi speya iliyonse imagulidwa kunja ndi madola. Kumayambiriro kwa 2025 dola imodzi inali pafupifupi K28, ndipo maspeya anakwera nayo. Kwacha itayamba kulimba m'kati mwa caka comweco, ogula anali ndi ufulu wofunsa kuti nanga mitengo itsika liti. Wamalonda amafulumira kukweza, koma potsitsa amayenda ngati nkhono.

Bvuto lacitatu, lomwe ndi loopsa kwambiri, ndi cinyengo. Pali maspeya enieni a kampani, pali abwino a makampani ena odziwika, pali ogwirapo kale nchito amene tingati ndi salaula wa mamotoka, ndipo pali abodza oikidwa m'bokosi lokongola lolembedwa dzina la kampani yaikulu. Atatu oyambawo ali ndi malo ao, malinga wogulitsa anene zoona. Wacinaiyu ndi wakupha. Sefa ya mafuta yabodza imalola fumbi kufika ku manozo. Lamba wa taimingi wabodza akaduka injini ili kuyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni ndipo injini yatha. Lamba ameneyu pa mainjini a mtundu wa 3L amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo pa 1KD ndi 2KD pa 150,000. Apa si poyang'ana kuchipa.

Ngakhale speya ikhale yeniyeni, nthawi zina nchito siitha popanda makina. Manozo a ma D-4D ambiri ali ndi nambala yolembedwa pamutu, imene iyenera kulowetsedwa mu kompyuta ya motoka. Mukangomanga osalowetsa, injini imagogoda ndi kuturutsa utsi, ndipo mwini amayamba kuimba mlandu wogulitsa wosalakwa.

NKHANI YA MAFUTA

Sitingakambe za dizilo osachula kusintha kumene kwacitika pa mafuta. Fakitale ya Indeni ku Ndola inaleka kuyenga mafuta mu 2021, ndipo mu 2023 paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam, inayamba kunyamula dizilo yoyengedwa kale ya salufa wocepa. Dizilo yakale inali kuloledwa kukhala ndi salufa wofika magawo 5,000 pa miliyoni, pamene yatsopano ndi ya magawo 50. Uwu ndi uthenga wabwino kwa mainjini a common rail, ndi kwa malole a ku Japan amene ali ndi cosefera utsi mu ekizozi. Eni mainjini a pampu yakale ayenera kumayang'ana ngati pampu yayamba kudontha, cifukwa m'maiko ena pamene anasintha mafuta motere timphira takale ta m'mapampu tinayamba kutaya.

Koma mdani wamkulu sali ku Ndola, ali m'zigubu ndi m'madiramu a m'mbali mwa mseu. Kumidzi kumene kulibe malo othirira mafuta, anthu amagula dizilo ya m'zigubu, imene nthawi zina ili ndi madzi, fumbi kapena parafini. Injini ya 3L ingapirire kwa kanthawi. Injini ya common rail siipirira. Amene mulibe kucitira mwina, lolani mafuta adekhe asanathiridwe, asefeni, ndipo muzikhetsa madzi a pansi pa sefa kawirikawiri.

NANGA TICITE CIANI

Coyamba, musanagule motoka, funsani kuti adzaikonza ndani. Safunsa anadya phula. Motoka yochipa ya mtundu wosowa, imene maspeya ake kulibe ku Chipata, idzakhala khola la nkhuku pakhomo panu. Makomiti a maparishi amene amalandira mamotoka a mphatso kucokera kwa abwenzi a kunja asacite manyazi kufunsa funso lomweli, ndi kupempha kuti mphatsoyo ibwere ndi buku lake la kakonzedwe.

Caciwiri, motoka ya gulu ikhale ndi kabuku. Mulembemo tsiku, makilomita, cimene casinthidwa, nambala ya speya, ndi nambala iliyonse imene scanner yaonetsa. Wansembe akasamutsidwa kapena komiti ikasintha, kabuku kamatsala. Ndipo pa ulendo uliwonse wolipidwa, patulani kandalama ka kukonzera. Tambiri tikhale m'thumba limenelo mvula isanagwe, osati kuyamba copereka capadera motoka itafa kale.

Cacitatu, pa galaji funsani mafunso. Uzani makanika akuonetseni nambala imene makina aturutsa, ndipo akufotokozereni cifukwa cake akufuna kusintha cinthu cakuti. Speya yocotsedwa ibwerere kwa inu. Makanika woona sakwiya ndi mafunso otere. Pogula speya tengani lisiti. Lamulo la mpikisano ndi kuteteza ogula la 2010, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la CCPC, limaletsa wamalonda kupacika cikwangwani cakuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo limapatsa wogula ufulu wobwezeredwa ndalama kapena kusinthiridwa katundu woonongeka. Koma popanda lisiti mlandu ulibe mboni.

Cacinai, mutu umodzi susenza denga. Scanner yabwino ndi yodula kwa makanika mmodzi wa pansi pa mtengo, koma si yodula kwa gulu. Ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse mu 2022, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. M'ndalamazi muli gawo lolipirira acinyamata maphunziro a luso la manja, ndi gawo la ngongole ndi thandizo kwa magulu. N'ciani cingaletse amakanika a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi kupanga makopaletivu ao, n'kupempha kudzera ku makomiti a citukuko a m'mawodi kuti agule makina opimira mamotoka ang'ono ndi malole omwe, pamodzi ndi makina oyesera manozo? Ndipo ana athu amene akupita ku masukulu a luso monga Chipata Trades asabwere ndi luso la masipanala lokha. Aphunzire magetsi a motoka, kuwerenga mapu a mawaya ndi kugwiritsa nchito mita. Makina opanda munthu wophunzira adzangokhala njira yatsopano yodyera anthu ndalama.

Cacisanu ndi ca atsogoleri. Ku South Africa, kuyambira pa 1 July 2021, pali malangizo a bungwe loona za mpikisano akuti makampani a mamotoka azilola magalaji oima paokha kupeza cidziwitso ca kakonzedwe ndi maspeya. Aphungu athu angafunse ngati ife sitingatengerepo phunziro. Mabungwe oteteza ogula ndi oona za miyezo ya katundu nawo asathere m'mizinda ikuluikulu. Afike m'mashopu a m'maboma, kumene wogula alibe pena pothawira.

Pomaliza tinene zoona zowawa. Si motoka iliyonse imene iyenera kuukitsidwa. Ngati chasisi yadyeka ndi dzimbiri, mabuleki sagwira, ndipo caka ciliconse kupasa mayeso a RTSA kuli ngati kukwera phiri, kuika anthu makumi atatu kumbuyo kwake n'kusewera ndi miyoyo. Yotere igulitsidwe kuti maspeya ake apulumutse zinzake.

Koma mamotoka ambiri amene aima m'midzi yathu sanafe. Akudikira speya yoyenera ndi munthu wodziwa kupima. Nkhaniyi ikambidwe m'miphakati, m'misonkhano ya makopaletivu ndi m'makomiti a mawodi mvula isanathe, kuti pofika nthawi yokolola Canter ya m'dera lanu ikhale pa mseu, osati pamiyala.